Ndinapereka malumo atatu adzimbiri kwa mmisiri, awiri abwera akumeta

Malumo omwe ndinapereka kwa bambo wina wokonza malumo akale anabwerako, ndipo papita milungu itatu ndikumetera, nde ndati ndilembe mmene ntchito yawo ndaionera, zabwino ndi zomwe zinandinyansa zomwe. Ndikunena malumo opinda aja, chitsulo chimodzi chachitali cholowa mchigwiriro ngati mpeni wopinda, omwe anthu ankametera malezala otaya asanadzaze paliponse. Anali atatu. Awiri abwera akumeta bwinobwino, limodzi bambowo anakana olo kuliyika pamwala wonolera, ndipo kunena zoona kukana kumeneko nkumene kunandikhazika mtima pansi kuti awiri enawo ali mmanja mwa munthu wodziwa.

Loyamba ndi la malemu agogo anga aamuna. Linapezeka mkachitini kamodzi ndi mabatani ndi makiyi akale, litakulungidwa mkansalu, ndipo kansaluko nkamene kanalipweteka poti kanamwa chinyontho nkumachisunga pachitsulo zaka ndi zaka. Ndi lolemera, lonenepa kumsana, ndipo pakhosi pake pamene chitsulo chimalowera mchigwiriro panalembedwa Wade & Butcher, mmunsi mwake Sheffield, lomwe ndi dzina la mzinda wa ku England. Dzimbiri linali psuu msana wonse, pamsomali pozungulira paja panali pataumiratu moti kuti litseguke umachita kukakamiza ndi manja awiri. Chigwiriro ndi cha nyanga, chouma gwaa, chotuwa, komanso tizilombo tinali titachiboola malo atatu. Lachiwiri ndinagula lakale kwa munthu, la ku Solingen ku Germany, lopyapyala kwambiri, chigwiriro chake chokhala ngati pulasitiki ya mawangamawanga. Lachitatu lopanda dzina lowerengeka, chigwiriro cha fupa, ndipo mwa onse atatu ndi lomwe linkaoneka laukhondo, ine mumtima ndinkati ili nde lophweka kukonza.

Ndisanatumize kalikonse anandiuza ndijambule zithunzi, mbali zonse ziwiri, pakhosi, pamsomali, ndi kukamwa kwa lumo, kutanthauza mbali yodula ija, nditaliloza kowala. Anafunsanso funso limodzi lomwe sindinkayembekezera, eti mwaliikako chani kale? Ndinawauza zoona kuti la ku Solingen lija ndinaligoneka mu viniga usiku wonse poti ndinamva kuti viniga amachotsa dzimbiri. Sanandikalipire ayi, anangoti viniga ndi asidi, amadyadi dzimbiri koma sasiya pomwepo, amadyanso chitsulo chabwino, ndipo pa lumo lopyapyala chonchi malo oyamba kudyeka ndi kukamwa komwe timafuna tipulumutseko. Nchifukwa chake linatuluka mu vinigamo lili bii, lokhakhala ukaligwira. Nde ngati muli ndi lumo lakale mnyumba chonde musaliviike, ingolipukutani, lipakeni mafuta ochepa dzimbiri lisapitirire basi, zina zonse musiyire amene akalikonze.

Atawalandira anayamba ndi kuwayang'ana ndi kagalasi kokuza zinthu, ndipo tsiku lomwelo anandiyimbira za lachitatu lija. Linali ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi, woyambira kukamwa kukwera chakumsana, ine ndi maso anga sindinauone mpaka atanditumizira chithunzi chokuza. Anati, achimwene ili ndikubwezerani mmene liliri, sindingakudyereni ndalama pa chinthu choti tsiku lina chidzabenthuka chili patsaya panu. Mng'alu wa pa lumo suwotchereredwa, poti moto wowotcherera umapha kulimba kwa chitsulo chonse, njira yokhayo nkupala kukamwa mpaka kupitirira pamene mng'alu wathera, nde uwu unali utakwera kwambiri moti chotsala sichikanakhalanso lumo. Munthu wina akanangolipukuta liwale nkundipatsa, ine nkumasangalala osadziwa. Apa pokha ndinawapatsa ulemu.

Pa la agogo anandiuza kanthu kena kamene kanandikhudza. Anati taonani, palembedwa Sheffield yekha popanda England. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo la msonkho lija limadziwika ndi dzina la McKinley, ndipo kuyambira 1891 katundu wolowa mdzikolo ankayenera kulembedwa dzina la dziko lomwe wachokera, nde opanga malumo ambiri a ku Sheffield anayamba kuwonjezera England pachidindo. Lumo lopanda mawu amenewa nthawi zambiri limakhala la chisanafike chaka chimenecho. Iwo eni anawonjezera kuti si umboni wotheratu poti si lumo lililonse linkapita ku America, koma ukaphatikiza ndi kunenepa kwa chitsulo, chigwiriro cha nyanga ndi kamtovu kolekanitsa mbali ziwiri za chigwiriro kumapeto, zonse zikuloza kuzaka za m'ma 1800. Kutanthauza kuti agogo nawonso analipeza lili kale lachikulire. Ndinakhala kaye chete pafoni.

Ndipo paja Sheffield ndi kwawo kwa chitsulo chotere, nkumene Benjamin Huntsman m'ma 1740 anatulukira njira yosungunulira chitsulo mmiphika yadothi kuti chituluke chofanana paliponse, ndipo nkomwenso Harry Brearley mu 1913 anapanga chitsulo chosachita dzimbiri. Malumo akale ambiri si a chitsulo chachiwiricho, ndi a chitsulo cha kaboni, chimathwa modabwitsa koma kadontho kamodzi ka madzi kakagona pamenepo mawa mupeza kachizindikiro. Kenaka King Gillette anapeza patenti, chikalata cha boma cha umwini wa chinthu chomwe munthu watulukira, ya lezala yake yosintha mu 1904, pankhondo yoyamba yapadziko lonse asilikali a America anagawiridwa malezala amenewa, anabwerera kwawo atazolowera, nde malumo opindawa pang'onopang'ono anayamba kugonekedwa mmadilowa ndi mmabokosi. Dzimbiri lomwe tikulimbana nalo lero ndi la kugona kumeneko.

Tsono pa ntchito yeniyeniyo, apa ndikhalitsapo poti ndi pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi munthu wongokhala ndi makina. Asanapukute kalikonse, asanachotse olo chigwiriro, anatenga malumo awiri aja nkuwayika pamwala wonolera wa nambala 1000 (nambala ikamakwera ndiye kuti mwala ndi wosalala kwambiri) kuti atsegule kukamwa kaye. Ndinafunsa kuti bwanji kuyamba ndi kunola chinthu choti chikadali chadzimbiri, kodi si komaliza kumeneko? Yankho lawo linali loti dzimbiri lili mitundu. Pali lofiira lija lomwe likadali ndi moyo, likudyabe, limenelo liyenera kuchoka lonse. Pali kuda kwa pamwamba komwe chitsulo chakale chimakhala nako, komwe sikuwononga kanthu. Nde pali timaenje, pomwe dzimbiri linakumba nkulowa mkati. Timaenje tikakhala kumsana kapena pakati ndi nkhani ya maonekedwe chabe, koma tikakhala kukamwa ndi imfa ya lumo, poti ukamanola kukamwako kumangobenthukabenthuka ngati mano a sowo. Nde amayamba anola kaye kuti aone ngati afike pachitsulo choyera chopanda maenje kuchokera kuchidendene mpaka kunsonga. Chikapezeka, ntchito ipitirire. Chikapanda kupezeka, palibe chifukwa chothera masiku kupukuta chinthu chosadzameta. La agogo linayera msanga poti ndi lonenepa, la ku Solingen anachita kudya kachitsulo pang'ono kukamwa chifukwa cha viniga uja koma linafika.

Kupukuta amapukuta ndi manja. Ananditumizira kavidiyo, lumo lagona pakathabwa kokhala ndi maginito kuti lisasunthe ndipo kukamwa kwagona pansi kuti kusawacheke, iwo ali ndi kachidutswa ka sandipepa wa madzi uja atakulunga pakamtengo, akudontheza mafuta pang'ono, nkumakwecha. Anayambira pa 320, kenaka 400, 600, 800, 1000, mpaka 2000, ndipo sadumpha nambala, akuti mizere ya sandipepa wapitayo ikapanda kutheratu usanasinthe idzaonekera kumapeto ndipo udzabwereranso pambuyo. Akasintha nambala amasinthanso kolowera, ulendo uno chopingasa ulendo winawo chotalika, kuti aziona ngati mizere yakale yatha. Galainda sayandikiza nkomwe. Anati lumo linaumitsidwa ndi moto kufakitale, nde likatenthanso kulimbako kumachoka, ndipo lopyapyala ngati la ku Solingen limatentha mkanthawi kochepa zedi pamakina. Mukaona lumo lokonzedwa lili ndi kamtundu kachikasu kapena ka buluu chakukamwa dziwani kuti linapsa, lingawale bwanji silidzasunganso kuthwa. Ndakhala ndikuona zithunzi za malumo owala ngati kalilole koma makona onse atafufutika, zilembo zitatha, msana utazungulira ngati supuni, pano nde ndadziwa chomwe chinawachitikira.

Koma ndisabise, tsiku lomwe ndinatsegula phukusi nkuona la agogo, mtima unatsika pang'ono. Ndinkayembekezera kalilole. Chomwe ndinapeza ndi chitsulo choyera, chosalala see, chowala mofatsa, koma chakumsana timaenje takuda tikadalipo, tina ngati tanjere ta mchenga, kamodzi kokulirapo pafupi ndi dzina. Ndinawayimbira nkufunsa ngati ntchito anaimaliza. Anandiyankha modekha, amvekere, achimwene dzenje silichoka, chimene chimachoka ndi chitsulo chozungulira dzenjelo. Kuti kadzenje kaja kasaoneke ndiye kuti nkhope yonse ya lumo itsike mpaka pansi pa kadzenjeko, ndipo potsika chonchi dzina la Wade & Butcher likanapita, mizere yomwe wosula wa ku Sheffield anasiya ikanapita, lumo likanapepuka nkusintha mmene limakhalira mmanja. Anati dzimbiri lamoyo lonse analichotsa mkati mwa timaenjemo, chatsala ndi chipsera chabe, ndipo ngati ndikufunabe kalilole atha kupanga koma ayambe andiuza chomwe nditaye. Ndinalitenga nkukhala nalo pawindo kwa kanthawi, kulitembenuza uku ndi uku, ndikuwerenga zilembo zija ndi chala. Ndinawauza alisiye choncho. Pano ndikalitsegula mmawa timaenje timeneti sindikutionanso ngati cholakwika, ndi lumo lomwe lija agogo ankagwira, osati lina lachilendo.

Chigwiriro cha nyanga nacho sanachitaye ngakhale ine ndinali nditachitaya kale mumtima. Anadula misomali yakale mosamala, nkuviika mbali ziwiri zija mmafuta a neatsfoot, omwe amachokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe, kwa masiku angapo mpaka nyanga inamwa nkusiya kutuwa. Mbali imodzi inali itapindika, anaitenthetsa pang'ono nkuipanikiza pakati pa matabwa mpaka itawongoka. Mabowo a tizilombo aja anawatseka ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la nyanga, ukayang'anitsitsa umawaona koma chala sichiwamva. Itapukutidwa inatuluka yakuda yokhala ndi timizere tofiirira mkati ukailoza kudzuwa, sindinkadziwa nkomwe kuti pansi pa kutuwa kuja panali zokongola chonchi. Misomali yatsopano ndi ya kawaya ka mkuwa konenepa 1/16 ya inchi, amakadula nkumakakhoma ndi kahamala kakang'ono, timikhomo tambirimbiri topepuka mpaka mutu utafutukuka ngati bowa, akuti ukamenya mwamphamvu kamapindikira mkati ndipo nyanga imang'aluka. Pano limatseguka molimba bwino, ukalisiya pakati limaima pomwepo osagwa lokha.

La ku Solingen nkhani ya chigwiriro inali ina. Dzimbiri lake linali lodabwitsa, linatsata ndendende gawo la chitsulo lomwe limabisala mchigwiriro lumo likatsekedwa, pamene kumsana komwe kumakhala panja kunali kwabwino. Bambowo atangoona anati chigwiriro ndi chimene chikudya lumo. Ndi cha seluloidi, pulasitiki yakale yopangidwa ndi nitrocellulose ndi kamfa, ndipo ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi womwe umachititsa dzimbiri chitsulo chilichonse chapafupi, olo malumo ena omwe ali mbokosi limodzi. Ilibe mankhwala, ikayamba yayamba. Anachichotsa nkupanga china cha pulasitiki yakuda yotchedwa akiliki potsata maonekedwe a chakalecho. Apa ndikuchenjezeni nonse osunga malumo akale pamodzi, mukaona limodzi lachita dzimbiri la mtundu umenewu lipatuleni lero lomwe. Ndiponso seluloidi imayaka moto msanga kwambiri nde musaiyandikize ku chilichonse chotentha.

Kunola nkumene ndinganene kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Lumo silinoledwa ngati mpeni woti umadzutsa msana nkumayerekeza ndi maso, limagona lonse pamwala, msana ndi kukamwa zonse zikukhudza, ndipo kunenepa kwa msana nkumene kumapereka kapendekedwe kake, chapakati pa madigiri 15 ndi 18. Nchifukwa chake munthu akapala msana mosasamala amakhala wawononganso kanoledwe. Atatsegula kukamwa pa 1000 anapita pa 4000, 8000, nkumalizira la ku Solingen pa 12000. La agogo anamalizira pamwala wachilengedwe wachikasu wa ku Belgium wotchedwa coticule, womwe umakumbidwa kudera la Vielsalm, uli ndi timiyala ta garnet tosaoneka ndi maso tomwe timadya chitsulo mofatsa, akuti chitsulo chakale cha ku Sheffield chimagwirizana nawo. Pa la agogo anamata tepi yakuda ya magetsi ija kumsana ponola kuti msana usadyeke komanso kuti asachotse chitsulo chambiri, ndipo chinandisangalatsa nchoti analemba pakapepala nkuika mphukusi, tepi imodzi, coticule, kuti aliyense wodzanola mtsogolo adzadziwe poyambira. Ndi kanthu kakang'ono koma kakuonetsa kuti munthuyo akuganizira lumo osati tsiku lolipidwa lokha. Pomaliza analikoka palamba wosalazira kukamwa, kaye kunsalu kenaka kuchikopa.

Anandiuza kuti anawatsuka ndi mankhwala opha tizilombo asanatumize, komabe ine ndinawapukutanso ndi spiriti ya 70 peresenti nkuwasiya aume ndisanawayandikize kunkhope, makamaka poti wonola amayesa lumo pa tsitsi la pamkono pake. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pachinthu chouma kwa masiku 7 kapena kuposa, nde lumo lochokera mmanja mwa munthu wina aliyense litsukeni, ndipo lumo si chinthu chobwerekana.

Kumeta kwake tsono. Ndinayamba ndi la agogo, Lamlungu mmawa popanda chondithamangitsa, ndevu za masiku atatu, nditasamba madzi otentha nkupaka thovu lokwanira. Dzanja linkanjenjemera pang'ono sindikana. Ndinakoka khungu la tsaya ndi zala za kumanzere, nkugoneka lumo pafupifupi kuligonekeratu, msana utangodzuka pang'ono pakhungu, nkulitsitsa. Phee. Silinalire, silinakoke, ndinangoona kanjira koyera katatseguka pakati pa thovu ndipo tindevu tili mthovu pachitsulo. Kulemera kwake nkumene kumagwira ntchito, iwe umangolitsogolera, ukangoti ukanikize nde walakwitsa. Pachibwano ndinadzicheka pang'ono poti ndinaimitsa lumo kwambiri pokhota, limenelo ndi dzanja langa osati kanoledwe. Chomwe ndinazindikira kwambiri ndi pambuyo pake, khosi langa limakonda kutuluka totupa ndikameta ndi malezala a mano ambiri aja, ulendo uno kunalibe kuwotcha kulikonse, ndipo milungu itatu ino totupa tachepa ndithu.

La ku Solingen ndi nyama ina. Ndi la 5/8 ya inchi mulifupi, logobedwa mbali zonse mpaka kupyapyala ngati pepala, lopepuka, ndipo likamadula limalira, ka phokoso kosalala kokhala ngati ukupala chinthu chouma, moti umamva ndi khutu pamene patsala ndevu. Ndi lakuthwa kuposa la agogo ndipo silikhululuka, ukapendeketsa molakwika limakuuza nthawi yomweyo. Pansi pa mphuno ndi mmbali mwa milomo limalowa bwino poti ndi laling'ono. Koma pa ndevu zanga zolimbazi ndikapatsidwa kusankha ndikutenga la agogo, mwina mtima ukulowererapo, koma khungu nalo likuvomereza.

Nde zomwe sizinandisangalatse, poti zilipo ndipo wina asanatumize ake ayenera kudziwa. Choyamba nthawi. Anandiuza milungu itatu, zinatenga pafupifupi miyezi iwiri. Ndikumvetsa kuti ntchito ya manja sithamangitsidwa ndipo nyanga imafuna masiku ake, vuto langa si kuchedwako koma kukhala chete. Mlungu woyamba mauthenga ndi zithunzi zinkabwera tsiku ndi tsiku, kenaka zii, milungu iwiri yathunthu osayankha, ine ndili ndi lumo la agogo kwa munthu yemwe sindinamuonepo maso ndi maso, usiku ndimachita kudzuka nkumaganiza zoipa. Atayankha anapepesa nkunena kuti ntchito inawachulukira, chabwino, koma uthenga umodzi wa mizere iwiri ukanandipulumutsa ku nkhawa yonseyo.

Chachiwiri, la ku Solingen litafika silinkatsekeka pakati, nsonga inkapendekera kumanzere nkumakhudza chigwiriro chatsopanocho ukapanda kuliwongolera ndi chala. Pa lumo limenelo si vuto laling'ono, kukhudza kamodzi kokha kukamwa kumabuntha kapena kubenthuka. Ndinawauza, sanatsutse, anati ndilibweze, anakhomanso msomali nkulinolanso popanda kundilipiritsa kena, ndipo pano limalowa pakati penipeni. Anakonza bwino, koma linayenera kuonedwa lisanatuluke mmanja mwawo.

Chachitatu nchomwe chikundiwawabe. Pamisomali ya la agogo panali timawashala takale tokhala ngati timaluwa, tobiriwira ndi ukalamba, ndipo lumo linabwera ndi timawashala tatsopano tosalala. Nditafunsa anati tiwiri tinaphwanyika pochotsa nde anasintha tonse kuti tifanane, ndipo takale anataya. Munthu yemweyo amene anandiphunzitsa kusunga timaenje ta pachitsulo anataya timaluwa ta agogo osandifunsa. Olo tophwanyika ndikanakonda atandiikira mkapepala. Anavomera kuti analakwa ndipo anati kuyambira pano azibweza chilichonse chomwe wachotsa, koma tanga nde tinapita. Inu mukamatumiza nenani poyambirira kuti kalikonse kochotsedwa kabwerere. Komanso ngati lumo lanu lili ndi zolemba za golide pankhope ngati mmene analiri la ku Solingen, dziwani kuti golideyo ndi wopyapyala kwambiri ndipo sandipepa akangodutsapo wapita. Anandichenjeza zimenezi poyamba nde sindikuwaimba mlandu, dzimbiri linali pamwamba pa zolembazo ndipo panalibe njira ina, kwatsala kamthunzi chabe ka zilembo.

Kapakidwe ka phukusi kanali kabwino, lumo lililonse lopakidwa mafuta, lokulungidwa papepala palokha, lomangidwa kuti lisatseguke panjira. Anaikamonso malangizo olemba pamanja ndipo ndikuwatsata. Ulendo woyamba usalikoke palamba, meta kaye mmene labwerera kuti udziwe kuthwa kwake kwenikweni, poti ongoyamba kumene ambiri amabunthitsa lumo palamba kenaka nkumanena wonola. Pokoka palamba msana ndi umene umatsogola, kukamwa kumatsatira pambuyo, lamba akhale wokokedwa bwino, ndipo potembenuza umagubuduza pamsana osadzutsa lumo. Ukamaliza kumeta pukuta liume, osalola madzi kulowa pamsomali poti mmenemo ndi mmene dzimbiri limayambira mosaoneka, lisiye lotsegula kanthawi, ndipo usalisunge kubafa. Ngati likhale masiku osagwira ntchito kadontho ka mafuta opepuka. Ine ndimakoka ka 20 kunsalu ndi ka 40 kuchikopa ndisanamete, ndipo mpaka pano onse awiri akudula ngati tsiku loyamba.

Kodi ndingatumizenso? Eya, koma ulendo uno tidzagwirizana kaye za tsiku, za mauthenga, ndi za tizidutswa takale. Amene mukufuna lumo lowala ngati latsopano loti muziika pashelefu mwina mukhumudwa nawo poti adzayamba akuuzani chomwe mutaye, koma amene mukufuna lumo la kholo lanu limetenso, manja awo ndi abwino. Lachitatu lija ndalipaka mafuta lili mdilowa palokha. Bambowo anati chigwiriro chake cha fupa nchabwinobwino ndipo chingakwane pa lumo lina la 5/8, nde pano ndikusakasaka chitsulo chakale chopanda chigwiriro, ndipo ndagula kale kagalasi kokuza koyang'anira kukamwa ndisanalipire.